Mabwato a nkhondo amene lero amathamangira chikho ku Kerala

Mvula ikayamba mwezi wa Juni m'chigawo cha Kerala, kumwera kwa India, anthu a m'midzi ya ku Kuttanad sadandaula kuti mitsinje yadzadza. Amatulutsa mabwato awo m'zisakasa momwe amakhala chaka chonse, n'kuyamba kuwapaka mafuta a nsomba kuti aziterera pamadzi. Nyengo ya vallam kali, mpikisano wa mabwato, yakwana.

Bwatolo amalitcha chundan vallam. Ndi lalitali mamita oposa 30, lopapatiza, ndipo kumbuyo kwake n'kotukuka ngati njoka yodzutsa mutu, n'chifukwa chake alendo amangoti "bwato la njoka". Mumakwera anthu pafupifupi 100. Ambiri ndi opalasa, okhala awiriawiri, koma kumbuyo kumaima amuna ochepa ogwira nkhafi zazitali zowongolera, ndipo pakati pamakhala oimba nyimbo zotchedwa vanchipattu. Musawayese okometsera chabe oimbawa. Nkhafi zonse zimalowa m'madzi motsata kugunda kwa nyimbo, ndipo munthu mmodzi akangophonya, mzere wonse umasokonekera.

Kale mabwatowa sanali a masewera. Kuttanad ndi dera la madambo, ngalande ndi minda ya mpunga, ndipo malo ena ali m'munsi kuposa nyanja yamchere. Mafumu a kumeneko, monga a Chembakassery, ankanyamulira asilikali pamadzi pokamenyana ndi anzawo. Maufumuwo atatha, mabwato anatsala m'manja mwa midzi ndi akachisi.

Mpikisano wa ku Champakulam, pa mtsinje wa Pamba, ndi umodzi mwa yakale kwambiri. Nkhani yomwe makolo anasiyira ana awo imati fano la Krishna likupita ku kachisi wa ku Ambalappuzha, usiku unagwera onyamulawo panjira, ndipo banja lachikhristu ndilo linawalandira pakhomo. Mpaka lero akukachisi amakachezera banjali tsiku la mpikisano. Ku Aranmula nako mabwato amayenda mwamwambo m'nyengo ya chikondwerero cha Onam, opalasa atavala nsalu zoyera, koma kumeneko chachikulu ndi pemphero ndi phwando, liwiro limabwera pambuyo.

Kutchuka kwa masewerawa kunabwera mu 1952, pamene nduna yaikulu ya India, Jawaharlal Nehru, anafika ku Alappuzha. Anthu anamukonzera mpikisano, bwato la mudzi wa Nadubhagam n'kupambana. Nehru anatengeka mtima mpaka kudumphira m'bwatomo, omuteteza akungoyang'ana. Atabwerera ku Delhi anatumiza chikho chasiliva chooneka ngati bwatolo. Ndicho Nehru Trophy, yomwe mwamwambo amalimbirana pa nyanja ya Punnamada Loweruka lachiwiri la Ogasiti. Mtunda wake ndi woposa kilomita imodzi, ndipo mabwato othamanga amaumaliza mphindi zisanu zisanakwane.

Madzi omwewo nthawi zina amaletsa masewera. Mu 2018 chigumula chinasakaza Kerala ndipo mpikisano unadikira mpaka Novembala. Chaka chotsatira boma la chigawochi linayambitsa ligi ya Champions Boat League, ndipo ndalama zinalowa. Makalabu tsopano amabwereka mabwato n'kulemba ganyu opalasa ochokera kutali, ena kunja kwa Kerala. Liwiro lakwera ndithu, koma kwa ine chinachake chatayika pamene mwana wa m'mudzi akuonerera kumtunda bwato lomwe agogo ake ankapalasa. Dzina lolembedwa pabwato likadali la mudzi.