Mutu Umodzi Susenza Denga: Mbiri ya Mpikisano wa Tchesi wa ku Lone Pine

Akuluakulu akale adati walira mvula walira matope. Munthu woitana alendo waitananso ntchito, pakuti mlendo amafuna pogona, chakudya ndi ulemu. Mbiri ya mpikisano wa tchesi umene unkachitikira ku Lone Pine, m'dziko la America, kuyambira 1971 kufikira 1981, ikuonetsa kulemera kwa ntchito yokonzekera alendo otere, ndiponso zimene zimachitika ntchitoyo ikatsamira pa munthu mmodzi.

Lone Pine ndi katauni ka anthu pafupifupi 2,000 m'chigawo cha California, m'tsinde mwa phiri la Whitney, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera ku Los Angeles. Kumeneko kudakhazikika mkulu wina wachuma, Louis Statham, amene adalemera popanga zipangizo za m'chipatala. Atakula msinkhu adakonda tchesi, ndipo adaganiza zoitanira akatswiri a masewerawa kwao kuchipululuko. Ndalama za mphoto zinkachokera m'thumba mwake. Koma podziwa kuti chuma pachokha sichiyendetsa mpikisano, adapempha Isaac Kashdan kuti akhale woyang'anira. Kashdan adali grandmaster, ndiye kuti katswiri wa udindo wapamwamba umene bungwe la tchesi la dziko lonse, FIDE, limapereka, komanso ankalemba za tchesi m'nyuzipepala ya Los Angeles Times.

Funso loyamba pokonzekera lidali lakuti: alowe ndani? Pampikisano wa oitanidwa okhaokha osewera amakhala ochepa, ndipo aliyense amakumana ndi mnzake aliyense. Pampikisano wotseguka anthu amachuluka, kotero amatsata njira yotchedwa Swiss: palibe wotuluka, koma ulendo uliwonse munthu amakumana ndi amene akufanana naye mapointi. Ku Lone Pine khomo lidali lotsegukira aliyense wofika pa muyeso woikika wa luso, ndipo achinyamata adawatsitsirako muyesowo kuti apeze mwayi wokhala maso ndi maso ndi akatswiri. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mpikisano woyamba wa 1971 adapambana ndi Larry Evans wa ku America komweko, ndipo wa 1972 adapambana ndi mlendo, Svetozar Gligorić wa ku Yugoslavia.

Mbiri itawanda, alendo adachuluka, ndipo muyeso wolowera udakwezedwa. M'chaka cha 1975 mwa osewera 44, theka adali ma grandmaster. Statham adamangitsa holo m'tauniyo yoti mpikisano uzichitikiramo, ndipo mu 1976 Tigran Petrosian wa ku Soviet Union, amene adakhalapo katswiri wa dziko lonse, adadzatenga mphoto yoyamba. Nawonso masewera adawaonjezera, chifukwa malamulo a FIDE amafuna masewera osachepera asanu ndi anayi kuti zotsatira zake ziwerengedwe pamene munthu akufuna udindo. Phindu lake lidaoneka mu 1977, pamene mayi wa ku Georgia, Nona Gaprindashvili, adagawana malo oyamba ndi amuna atatu. Chaka chotsatira iye adakhala mkazi woyamba kulandira udindo wa grandmaster.

Koma mwininyumba sasankhira alendo ake adani. Viktor Korchnoi adathawa ku Soviet Union mu 1976, ndipo akuluakulu a tchesi a dzikolo sankalola osewera awo kulowa mipikisano imene iye adalimo. Korchnoi atalowa mpikisano wa ku Lone Pine mu 1979, a ku Soviet Union sadasewere nawo. Mu 1981 zinthu zidasintha: Korchnoi adasewera, nawonso Oleg Romanishin ndi Artur Yusupov a ku Soviet Union adasewera, ndipo Korchnoi ndiye adapambana. Umenewo ndiwo udali mpikisano womaliza. Statham adamwalira mu 1983, ndipo padalibe wina wonyamula mtolo umene iye ankasenza yekha.

Kuti phunziro la nkhaniyi limveke bwino, nkofunika kuyang'ana kutsidya la nyanja, ku Netherlands, kumene kuli mpikisano umene udayamba mwa njira yosiyana kotheratu. Mu 1938 anthu ogwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo ya Hoogovens adayambitsa kampikisano ka tchesi m'tauni ya Beverwijk. Mu 1945 sikadachitike chifukwa cha nkhondo ndi njala. Mu 1946 adaitana alendo akunja, ndipo adapambana ndi Albéric O'Kelly wa ku Belgium. Popeza chakudya chidali chosowabe, paphwando lotsekera okonza adapatsa alendowo supu wa nsawawa, chakudya cha anthu wamba. Sadachite manyazi ndi umphawi wawo, ndipo supu ameneyu adasanduka mwambo wa phwandolo mpaka lero.

Mpikisanowu udasamukira ku mudzi wa m'mbali mwa nyanja wa Wijk aan Zee mu 1968. Fakitale idasintha eni ndi maina, kukhala Corus kenaka Tata Steel, koma mwezi wa Januwale ulionse ma grandmaster amabwerabe. Iwo amasewera m'gulu lawo la oitanidwa, pamene mazana a anthu wamba okonda tchesi amasewera mipikisano yawo pamalo omwewo. Kampani imapereka ndalama, anthu odzipereka amayala matebulo ndi mawotchi, ndipo mudziwo umalandira alendo.

Palibe angapeputse ntchito ya Statham. Kwa zaka khumi ndi chimodzi adakokera akatswiri a dziko lonse ku katauni kosadziwika, achinyamata a ku America ngati Yasser Seirawan nanolerako luso lawo kumeneko. Komabe denga limene adasenza yekha lidatsika iye atatopa, pamene la ku Wijk aan Zee, lochirikizidwa ndi manja ambiri, laima zaka zoposa 80. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chimatsala pakhomo ndi anthu amene adaphunzira kumulandira, ndipo chaka chamawa ndi iwowo amene amayalanso mphasa.