Kuchokera pa Chindapusa Kufika pa Mphotho: Mbiri ya Kusamala Nthaka ku Machinga ndi Balaka

Aliyense woyima pa damu la Kamuzu ku Liwonde m'nyengo ya dzinja amaona Shire atafiira. Matope amenewo ndi minda ya anthu a ku Machinga ndi Balaka, yotengedwa ndi mitsinje, ndipo akatsika kumunsi amakatsamwitsa makina a magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Funso lakale nlakuti: kodi mlimi angakopedwe bwanji kuti asunge nthaka yake?

Atsamunda anayamba ndi chikwapu. Lamulo la zachilengedwe la 1946 linakakamiza anthu kulima mizere yopingasa ndi kuunda migula. Njala ya 1949 itadutsa, Bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell analimbitsa dzanja: wokana ankalipa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu anada malimidwe, ndipo a Kongeresi anapezerapo otsatira ambiri m'midzi.

Pambali pa chikwapu panali nyambo. Kuyambira 1950 boma linkapatsa ndalama pa ekala iliyonse alimi otsata malangizo onse, monga kasinthasintha wa mbewu, kuthira manyowa ndi kukhala ndi munda umodzi waukulu. Koma mkamwini wolima pamunda wa kuchikazi, monga zilili pakati pa Ayao a kuno, akanautenga kuti munda wotere? M'dziko lonse opindula anali mazana ochepa chabe, anzawo nkumawayesa atidyenawo a Azungu. Pofika 1962 ndondomekoyo inatha. Ya achikumbe, m'nthawi ya Dr Banda, nayonso inakondera ochita bwino kale.

Kuyambira 2014 ofufuza, mogwirizana ndi boma, anayesa njira ina m'midzi ya ku Balaka, Machinga ndi Zomba. Mlimi wosiya kugaula, wophimbira nthaka ndi mapesi, ankalandira kuponi yogulira zipangizo zaulimi, ndipo mphotho inkakwera woyandikana naye munda akachitanso chimodzimodzi. Mu 2020 kunabwera ntchito ya MWASIP, ya ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, yothandiza magulu a m'midzi osamala malo awo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi wa maekala awiri sangadikire phindu la zaka khumi ana akugona ndi njala. Komanso madzi sadziwa malire: mgula wa munthu mmodzi umagumuka ngati wakumtunda sanaunde wake. Atsamunda analipira mmodzi nalanga mudzi. Pamene mudzi wonse ukalandira, woyandikana naye amasanduka mlangizi. Chotsala nchakuti tione ngati mapesi adzakhalebe m'minda thandizo la kunja likadzatha.