Wojambula zithunzi wa nyuzipepala

Wojambula zithunzi wa nyuzipepala ndi mtolankhani amene amafotokoza zochitika pogwiritsa ntchito kamera.

Ntchitoyi inakula makina osindikizira atayamba kutulutsa zithunzi papepala, monga inachitira nyuzipepala ya The Daily Graphic ya ku New York mu 1880. Kamera yaing'ono ya Leica, yomwe inafika pamsika mu 1925, inapeputsa katundu wa wojambula moti ankatha kuyenda nayo paliponse. Ku America, m'zaka za m'ma 1930, boma linatuma ojambula zithunzi Dorothea Lange, Walker Evans ndi anzawo kukajambula umphawi wa alimi, ndipo zithunzizo zinkaperekedwa ku nyuzipepala ndi magazini.

M'matauni ang'onoang'ono ndi kumidzi, wojambula wa nyuzipepala amajambula misika, mpira, kukolola, kulonga ufumu, maliro ndi kusefukira kwa madzi. Kawirikawiri amalembanso yekha nkhani yake. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi mawu ofotokozera m'munsi mwake, otchula dzina la munthu molondola, malo ndi chimene chikuchitika. N'chifukwa chake sasiya kope ndi cholembera. M'midzi ya ku Malawi amayamba waonekera kwa a mfumu, ndipo pamaliro kapena pojambula ana amapempha kaye chilolezo kwa eni ake.

Malamulo a utolankhani amalola kudula m'mbali mwa chithunzi ndi kuchiwalitsa, koma amaletsa kuwonjezeramo kapena kufufutamo chinthu. Kale filimu ankaitsukira m'chipinda chamdima. Lero zithunzi amazitumiza kwa mkonzi pa intaneti.

Mawu ogwirizana nawo: mtolankhani, mkonzi, wojambula wa mu situdiyo.