Za Njala ya 1949 ndi Amene Anatsala M'mbuyo

Mvula ya dzinja la 1948 inayamba bwino, koma inaleka chimanga chisanakhwime, ndipo pofika 1949 njala inali itagwa m'dziko la Nyasaland, makamaka m'boma la Blantyre ndi midzi ya ku Lunzu. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa chimanga kunja, nkuyamba kugulitsa ndi kugawa.

Koma kagawidwe kake ndiko kali ndi nkhani. Oyamba kulandira anali anthu a pa ntchito, akalaliki ndi antchito a m'tauni, pakuti owalemba ntchito anawaimirira. Akuluakulu a Boma anayesa kuti mkazi aliyense wokwatiwa adyetsedwa ndi mwamuna wake, osazindikira kuti amuna ambiri anali atachoka, ena kukafuna chakudya kwao kumene anabadwira, ena ku ntchito zakutali, ndipo ena a iwo sanabwererenso. Chotero mkazi wosiyidwa, pokhala sanali wamasiye, anasowa pomlembera dzina. Iye ndi ana ake anakumba mizu kuthengo, natola gaga pa mitondo ya eni chakudya.

Misasa yodyetserako ovutika inatsegulidwa mochedwa, njala itafika kale pa fupa, ndipo amene anadzazamo anali ana, nkhalamba ndi akazi omwewo. Boma linawerenga akufa ngati 200, chiwerengero chimene sichikanatha kufikira onse ofera m'midzi ndi m'njira. Patapita zaka, amayi a ku Lunzu anali kuimbabe za amuna othawa aja posinja pa mtondo.