Munda ndi Dimba: Mbiri ya Chakudya Kuno ku Jenda

Amayi anzathu, pamene tikukumbukira zaka zimene bungwe lathu layenda, ndi bwino tikumbukirenso m'mene mabanja a kuno ku Jenda ndi kum'mwera konse kwa boma la Mzimba akhala akupezera chakudya. Mbiri imeneyi ndi yathu ndithu, pakuti khasu lakhala m'manja mwa amayi kwa zaka zoposa 100.

Kale Angoni a Inkosi M'mbelwa anali ndi ng'ombe zambiri, ndipo m'minda ankalima mawere, chimanga, nyemba ndi maungu. Mu 1904 dziko lawo linalowa mu ulamuliro wa Angerezi, ndipo posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba. Ndalama ya msonkho inali yosowa m'mudzi. Tsono amuna anayamba maulendo a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, koma ena sanabwerenso, ndiwo aja tinkawatchula kuti matchona. Kusosa, kugalauza, kupalira ndi kukolola kunatsalira agogo athu aakazi.

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyo inayambanso patapita zaka zochepa, nkudzatheratu mu 1988. Ngakhale zinatero, anyamata a ku Mzimba sanaleke kupita ku Joni, ndipo minda yambiri ikuyang'aniridwabe ndi amayi.

M'zaka zomwezo ulimi unasintha. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo alangizi analimbikitsa chimanga chamakono ndi feteleza. Pang'onopang'ono mawere anachepa, chimanga chinadzaza munda wonse. Koma m'zaka za m'ma 1990 boma linasiya kuthandiza pa mtengo wa feteleza, ndipo nthaka yathu yamchenga inaoneka kuti yatopa. Mu 1998 kunabwera timapaketi ta Starter Pack. Mu 2002 njala yaikulu inagwa m'dziko muno. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, ndipo nkhokwe zambiri zinadzaza. Komabe makuponi sankakwanira banja lililonse. Mu 2017 mbozi za ntchemberezandonda zinaononga chimanga, ndipo mu 2022 mtengo wa feteleza unakwera koopsa. Banja limene linadalira chimanga chokha linali loyamba kugona ndi njala.

Nanga chinatigwiriziza ndi chiyani? Choyamba ndi dimba. Jenda ali pa msewu wa M1, pamphambano ya njira ya ku Lundazi m'dziko la Zambia. Apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu amadziwa matimati, anyezi ndi kachewere wa pano. Ndalama ya m'dimba yagula chimanga mwezi wa January, yalipira sukulu, yagula mchere ndi sopo. Vuto lake tikulidziwa tonse: matimati akapsa nthawi imodzi, wogula ndiye amatchula mtengo, ndipo otsala amaola m'dengu.

Chachiwiri tinachiphunzira kwa anzathu a ku Ekwendeni, kumpoto kwa boma lathu lino. Mu 2000 ogwira ntchito pa chipatala cha kumeneko, ataona ana ambiri onyentchera, anagwirizana ndi alimi kuyesa kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Akakolola ankakwirira masangwi m'nthaka m'malo mowatentha. Chaka chotsatira chimanga chinkakula bwino ngakhale feteleza anali wochepa, pakuti mbewu zimenezi zimabwezera chonde. Ana anayamba kudya phala la soya ndi mtedza, ndipo abambo ankaitanidwanso pa masiku ophunzira kuphika. Patapita zaka, ofufuza anapeza kuti ana a m'midzi imene inalimbikira njirayi ankakula bwino kuposa kale.

Chachitatu ndi banki m'khonde. Mayi amene wasunga pang'onopang'ono ndi anzake amagula mbewu mvula isanagwe, ndipo sagulitsa chimanga chake motchipa pa nthawi yokolola.

Tsono amayi, mbiri iyi ikutisonyeza kuti nyumba yodzala mbewu zamitundumitundu siigwa msanga pa chaka choipa. Koma pakati pathu alipo amasiye, okalamba ndi agogo olera zidzukulu, amene m'nyengo yopalira amakagwira ganyu m'minda ya eni pofuna chakudya cha tsiku limodzi, munda wawo nkumera thengo. Chaka chamawa njala imawapezanso. Mvula isanagwe chaka chino, gulu lililonse liwerenge nyumba zoterezi m'mudzi mwake, lipatule mbale ya mbewu ya nandolo, mtedza kapena nyemba, ndipo lisankhe tsiku lokawapalirira.