Mipata ya m'nkhokwe ya agogo

Ndili mwana ku Tsangano, kumapiri a Kirk Range kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa, ndinkakhulupirira kuti agogo anga aamuna anali aulesi. Akamaluka nkhokwe ankasiya mipata pakati pa nsungwi, mwina poti chala changa n'kulowa. Tsiku lina ndidalephera kupirira.

"Agogo, bwanji osathinitsa nsungwizo? Kapena zakuperewerani?"

Adandiyang'ana, mpeni uli m'manja. "Iwe mdzukulu, chimanga chimapuma. Ukachitseka kukamwa chikuolera. Taona kuno." Adandionetsa kuti mmunsi, mmene katundu amakankha kwambiri, adaluka mothina ndi nsungwi zokhuthala, koma chakumtunda adalekerera kuti mphepo idziyendera.

Mawu amenewa adandibwerera chaka chatha ku Blantyre, nditaima kumbuyo kwa mnyamata wina wophunzira zaumisiri. Pa kompyuta yake panali chinthu chonga chisa cha njuchi, timabowo tokhatokha. Ati chimenechi azungu amachitcha lattice, ndipo amachijambula ndi pulogalamu za CAD asanachitumize ku makina a 3D. Makinawo, kwa inu amene simudawaonepo, amaumba chinthu poyala mzere pamwamba pa mzere, monga amachitira mayi woumba mbiya, kungoti dongo lake ndi pulasitiki, simenti kapena ufa wa chitsulo.

Ndidamufunsa mmene amajambulira. Ati umayamba ndi kachipinda kamodzi, n'kusankha kukula kwake ndi kukhuthala kwa timizati take, kenaka kompyuta imakabwereza kambirimbiri mpaka chinthu chonse chidzaze. Pamene padzagwere katundu umakhuthalitsa timizati, pamene palibe katundu umakulitsa mabowo. Uyeneranso kusamala kuti timizati tisagone chopingasa kwambiri, poti makina sangayale mzere m'malere, komanso kuti mabowo akhale olumikizana kuti ufa wotsala upeze potulukira.

Ndidaseka mpaka mnyamatayo adakhumudwa. Pepani achimwene, sindinkaseka inu. Ndinkangomva agogo akuyankhula m'Chingerezi.

Nzeru imeneyi ili ndi mbiri yake kunjako, ndipo tisaichepetse. Mu 1867, ku Zurich, katswiri wa za thupi la munthu Hermann von Meyer adafalitsa zojambula za mkati mwa fupa la ntchafu, ndipo injiniya Karl Culmann adazindikira kuti timizati ta m'fupamo tidandanda motsata mmene kulemera kwa thupi kumadutsira. Aliyense wa ife Angoni amene adaswapo fupa la ng'ombe pofuna mafuta a mkati adaziona zimenezi, kungoti njala sipereka mpata wowerengera. Mu 1963 Ivan Sutherland adaonetsa Sketchpad, kholo la pulogalamu zojambulira pa kompyuta. Mu 1970 Alan Schoen, akugwira ntchito ku NASA, adafotokoza za gyroid, mpangidwe wa timakwalala tokhotakhota tosatsekeka, umene lero uli m'kati mwa zinthu zambiri zotuluka m'makina a 3D. Mu 1986 Chuck Hull adalandira chiphaso cha umwini wa njira yake youmbira zinthu ndi kuwala. Lero madokotala amaika m'chiuno mwa odwala zitsulo za titanium zokhala ndi timabowo tosakwana milimita imodzi, kuti fupa limere n'kulowa m'menemo.

Tsono pamene iwo ankaphunzira kulemekeza bowo, ife tinkatani? Tinkagwetsa nkhokwe. Sikuti tidapenga ayi, zifukwa zidalipo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 m'dziko muno mudalowa nankafumbwe wamkulu uja, wochokera cha ku Tanzania, amene saopa ngakhale mtengo wouma. Kenaka idabwera njala ya 2002. Ndikuikumbukira bwino, ndinali ndisanamalize pulayimale. Nkhokwe yoima pabwalo idasanduka chikwangwani choitanira akuba. Anthu adayamba kutonola chimanga, kuthira mankhwala, n'kuchigoneka m'matumba kuchipinda, pafupi ndi mphasa. Pambuyo pake adabwera matumba a PICS osalowa mpweya, amene amapha nankafumbwe pomubanika, ndipo ndi abwino ndithu pa chimanga chouma. Agogo adamwalira nkhokwe yawo yomaliza itasanduka nkhuni. M'banja mwathu palibe adatola luso lija, kuyambira ine wa dipuloma.

Koma kwathu ku Tsangano sitidya chimanga chokha. Dzina lathu lidatchuka ndi kachewere, ndipo kachewere ndi wamoyo, amapuma kuposa chimanga. Mutsekereni m'thumba, pakatha masiku mumva fungo. N'chifukwa chake mlimi akakumba amathamangira nayo kumsewu, pa Tsangano Turn-off, n'kugulitsa pa mtengo umene wanena vendayo, poti akakana mbatata imuolera m'manja. Ndipo akatswiri a International Potato Center akamalangiza za kasungidwe ka mbewu ya kachewere amati chiyani? Ati mangani kanyumba ka mipata m'mbali, kolowa mphepo ndi kuwala pang'ono. Abale anzanga, imeneyo si nkhokwe ya agogo yavala tayi?

Makina a 3D nawo adafika kale kuno kwathu. Kampani ya 14Trees, ndi makina a COBOD a ku Denmark, idaumba zipupa za sukulu ku Salima m'maola 18 okha, ndipo ana adayamba kuphunziramo mu Juni 2021. Nkhani idamveka dziko lonse lapansi kuti sukulu yoyamba ya mtundu umenewu ili ku Malawi. Tidanyadira, ndipo m'pake. Koma makina ndi mpeni chabe. Amaumba chimene wajambula munthu, ndipo munthuyo ngati sadziwa mmene mphepo ya ku Tsangano imaombera kapena mmene kachewere amachitira thukuta usiku, adzatijambulira zokongola zosathandiza. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikuti tibwerere ku nsungwi basi. Nankafumbwe akadalipo, akuba nawo sadapume pantchito. Ndikuti mnyamata uja wa ku Blantyre anyamule kompyuta yake, akwere minibasi, akatsike kwathu. Oluka akadalipo m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, kuno ndi ku Tsangano wa ku Mozambique, koma ambiri imvi zili mbuu. Akakhale nawo pansi, ayeze mipata yawo ndi rula, afunse chifukwa chimene apa pathinira ndi apo patakasukira. Akatero ajambule bokosi kapena chipupa chosunga kachewere mpaka mtengo utakwera.

Ine ndidachedwa. Ndidafunsa funso limodzi lokha, nalonso lachipongwe, ndipo wondiyankha adapita ndi mayankho ena onse kumanda.