Mmene mphaka analowera m'nyumba

Mphaka sanachite kugwidwa n'kuwetedwa ngati mbuzi kapena ng'ombe, anabwera yekha. Alimi oyambirira a ku Middle East atayamba kusunga tirigu ndi balere, mbewa zinachuluka mosungiramo mbewuzo, amphaka a m'tchire n'kumazilondola. Eni mbewu anawalekerera poona phindu. Ku Shillourokambos, pa chilumba cha Cyprus, kunapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe mphaka anaikidwa pambali penipeni pa munthu.

Ku Egypt wakale mphaka ankawerengedwa ngati wapabanja. Wolemba mbiri wakale Herodotus analemba kuti mphaka akafa, onse a m'nyumbamo ankameta nsidze polira.

Kutola mphaka wosowa mwini kunakhazikika mochedwa. Malo osungira agalu osochera a Battersea, ku London, anayamba kulandiranso amphaka mu 1883. Koma chimene chinasinthadi makomo n'chinthu chonyozeka. Mu 1947, Ed Lowe wa ku Michigan anayamba kugulitsa dongo louma loti mphaka azidzithandizirapo, lomwe linkayamwa fungo kuposa mchenga ndi phulusa. Mabanja ambiri anasiya kutulutsa mphaka usiku, ndipo kumupatsa chakudya ndi kutaya dongolo kunasanduka ntchito yogawana makolo ndi ana.